Mwini Nthano Ndani?

Kumadzulo kwa Afirika, m'maiko a Mali, Guinea ndi Senegal, kuli mabanja a anthu odziwika ndi dzina lakuti jeli. Nchito yao ndi kusunga mbiri ya mtundu pamtima. Amaikamba poyimba, namaliza kora, coimbira ca zingwe 21. Mwana amaphunzira nchitoyi kwa makolo ake.

Mbiri yao yaikulu ndi ya Sundiata Keita. Ali mwana sanali kutha kuyenda. Atakula anagonjetsa mfumu Sumanguru pa nkhondo ya ku Kirina, ca m'ma 1235, nayambitsa ufumu wa Mali. Kwa zaka 700 mbiriyi inayenda pakamwa. Mu 1960 Djibril Tamsir Niane anaitulutsa m'buku, ndipo anachula jeli amene anamuuza, Mamadou Kouyaté.

Pambuyo pake nthano zinalowa m'nyimbo zamakono. Mory Kanté wa ku Guinea, mwana wa jeli, anasakaniza kora ndi zoimbira zamagetsi, ndipo nyimbo yake ya 1987, Yé ké yé ké, inavinidwa ku Ulaya konse. Zinalowanso m'zithunzi. Ku Osogbo, m'dziko la Nigeria, mnyamata Twins Seven Seven anayamba mu 1964 kujambula mizimu ndi nyama za m'nthano za Ayoruba. Zithunzi zake zinagulidwa kutali.

Tsono tifunse: kodi anthuwa anaba cuma ca makolo?

Ena amati inde. Amati mbiri yokambidwa usiku wonse siingakwane m'nyimbo ya mphindi zinai. Amati wogula cithunzi ku Ulaya sadziwa nthano yake. Mau awa ali ndi coonadi, tisawanyoze.

Koma tiyeni tione nkhani ya Salif Keita. Anabadwa mu 1949 ku Mali, m'banja la Keita, mtundu wa mafumu. Mwa mwambo, munthu wotere sayimba, pakuti kuyimba ndi kwa jeli. Atate ake anakana, koma iye anapita ku Bamako nakayimba. Dziko lonse linamva mau ake. Mwambo ukanamtseka pakamwa, ndani akanapindula?

Ife tikuganiza kuti nthano ili ngati mbeu ya cimanga. Ikakhalitsa m'nkhokwe, anankafumbwe amaidya. Imakhala ndi moyo ikabzalidwa, ngakhale m'munda wa mlendo. Motero mwini nthano ndi amene amaisamala ndi kuipereka kwa ena, wobadwira m'banjamo kapena ai.

Komabe wotenga mbeu ali ndi ngongole. Coyamba, achule amene anampatsa, monga anacitira Niane. Caciwiri, asapotoze mbiri kuti akondweretse mwini ndalama. Ciyeso ici ndi cakale, pakuti jeli nayenso amalandira mphatso kwa amene akumtamanda. Cacitatu, akapeza phindu, akumbukire okalamba amene anasunga nthanoyo.

Anzathu, ambiri a ife tikuphunzira kulemba tili akulu. Tisadziyese osadziwa kanthu. Mamadou Kouyaté akanapanda kukamba, buku lija silikanalembedwa. Nthano za agogo athu zili m'mitu mwathu. Tikayamba kuzilemba, ngongole ija idzakhala yathunso.

Tikambirane

1. Kodi jeli amagwira nchito yanji?
2. Kodi atate a Salif Keita anacita bwino kumkaniza kuyimba?
3. Lembani dzina la munthu amene anakuuzani nthano yoyamba.