Kodi Kuchuluka kwa Mawu Ndiko Nzeru?

Munthu woyenda pa msewu waukulu wochokera ku Harare kulinga ku Bulawayo, akapitirira Norton asanafike ku Chegutu, amadutsa pa malo otchedwa Selous, pamene minda ya fodya ndi chimanga yayala mbali zonse, ndi pamene ng'anjo za Zimplats zimasungunula miyala ya platinamu yochokera ku Ngezi; ndipo akapatuka nalowa m'makomboni dzuwa litapendeka, natchera khutu, adzamva pakati pa Chishona cha eni dziko chilankhulo cha kwathu chili pa milomo ya adzukulu a amuna aja amene adachoka ku Nyasaland, ena pansi, ena pa malole a Ulere, ena atalembedwa ndi Mthandizi, kudzafuna ndalama ya msonkho m'mafamu ndi m'migodi ya dziko lino.

M'komboni ina ya kumeneko ndidacheza tsiku lina pa khonde la mayi wina wokalamba, amene ankatong'ola chimanga m'lichero, mdzukulu wake wa Fomu 4 atakhala pa mpando wa ndalema ndi kope pa maondo, pambali pake pali mtanthauziramawu wothothoka chikuto. Mnyamatayo adadziikira lamulo lakuti tsiku lisapite osalemba mawu khumi atsopano a Chingerezi, pakuti adadziwa, monga adziwa mwana aliyense wa muno, kuti pa mayeso a ZIMSEC munthu angakhoze maphunziro ena onse, koma akalephera Chingerezi makomo ambiri amamutsekekera. Atabwereza mawu ena aatali katatu konse, agogo ake adaimika dzanja nafunsa kuti, "Mwanawe, mawu ukutchulawo m'chathu n'chiyani?" Iye adakhala chete kanthawi nayankha kuti, "Agogo, amenewa m'Chichewa mulibe." Ndipo mayiyo adati, "Ngati m'chathu mulibe, nanga iwe wawasunga pati?" Titatsegula bukulo tidapeza kuti mawuwo ankanena za kupirira, chinthu chimene mayi ameneyo adachisenza moyo wake wonse m'zigafa za fodya, chikhalirecho sadapondepo m'kalasi.

Kuchokera tsiku lomwelo funso ili silinandichoke mumtima: kodi munthu akachulukitsa mawu wachulukitsa nzeru, kapena wangomanga nkhokwe yaikulu m'chaka chimene sadalime?

Aliyense amene anganene kuti kuphunzira chilankhulo cha eni ndi kudzigulitsa, Malembo Oyera amutsutsa. Ntchito yoyamba imene Mlengi adapatsa Adamu, pamodzi ndi kusunga munda, idali ya kutcha zamoyo maina, kotero kuti kudziwa dzina la chinthu ndi gawo la ulemu umene munthu adalengedwa nawo. Mose adaleredwa m'nzeru zonse za Aigupto asanaime pamaso pa Farao. Danieli ndi anzake adaphunzitsidwa mabuku ndi manenedwe a Akasidi zaka zitatu, natumikira mafumu a ku Babulo osadetsa chikhulupiriro chawo. Ndipo Paulo, amene adatsutsana ndi anthu anzeru a ku Atene m'Chigriki, ndi yemweyo amene adaima pa makwerero a linga ku Yerusalemu nalankhula m'chinenero cha makolo ake, khamu laukali nkukhala bata. Mose, Danieli ndi Paulo adali ndi malilime awiri, koma mtima wawo udali umodzi.

Mbiri ya dera lino nayonso itichenjeza kuti umphawi wa mawu ndi goli. Dzina lakuti Selous ndi la mlenje Frederick Courteney Selous, amene adatsogolera gulu la azungu polowa m'dziko la Mashona mu 1890. Chegutu adatchedwa Hartley, dzina la mlenje winanso, kufikira 1982. Pakuti wolamulira ndiye amatcha maina. Makolo athu amene adatsika m'migodi ya golide ya Cam and Motor ku Kadoma ndi Dalny ku Chakari ankalankhulidwa m'Chilapalapa, chinenero cha mawu owerengeka, chokwanira kulamula munthu kuti anyamule, akumbe, afulumire, koma chopanda malo akuti munthu afunsemo chifukwa kapena adandaulemo mlandu wake. Ndipo ambiri adadinda chala pa mapepala amene sadathe kuwerenga. Chifukwa chake mdzukulu wawo akakhala pansi kusonkhanitsa mawu ozama a Chingerezi, kuti adzawerenge yekha pangano la ntchito, lamulo la dziko ndi buku la udokotala, akuchita chinthu cholungama, ndipo ayenera kulimbikitsidwa.

Komatu pali chitsanzo china chimene chidayambira pafupi pomwepa. Cha m'ma 1915 mnyamata wina wa ku Kasungu adafika ku Hartley atayenda pansi, nagwira ntchito yonyozeka pa chipatala cha pamenepo, asanapitirire ku South Africa, ku America ndi ku Scotland, kumene adasula Chingerezi chake mpaka eni ake kuchita nacho kaso. Ameneyo ndiye Dr. Hastings Kamuzu Banda. Koma pobwerera kwawo mu 1958, atakhala kunja zaka zoposa 40, ankalankhula kwa anthu a mtundu wake kudzera mwa womasulira; ndipo munthu yemweyo, amene adamanga Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981 kuti ana aphunzire Chilatini ndi Chigriki, ndiye amene mu 1968 adakweza Chichewa kukhala chinenero cha fuko. Ine ndiona m'moyo umenewu umboni wakuti chilankhulo chachiwiri, ngakhale chikule motani, sichitha kudzaza malo a chilankhulo chimene munthu adayamwira.

Tsono nzeru ili pati? Mawu ali ngati mbewu: a m'kope ndi mbewu ya m'chikwatu, imene ikhoza kufumbwa ili chipachikire, koma mawu amene munthu wawamvetsa, nawayesa pa moyo wake, nawagwiritsa ntchito ponena zoona, ndiwo mbewu yogwera m'nthaka. Anthu a ku Babele adali ndi mawu okwanira kumangira nsanja, koma popeza cholinga chawo chidali kudzipangira dzina, mawuwo adawabalalitsa. Pa Pentekoste Mzimu sadakakamize mitundu yonse kumva chinenero chimodzi chapamwamba, koma yense adamva zazikulu za Mulungu m'chinenero chimene adabadwa nacho. Ndipo mtumwi Paulo, amene ankadziwa malilime ambiri, adauza Akorinto kuti kwa iye mawu asanu omveka, othandiza anzake, aposa zikwi khumi zosamveka. Wophunzira amene aunjika mawu aatali kuti azizwitse anzake pa mtsutso wa kusukulu, kapena kuti achititse manyazi kholo lake losaphunzira, akumbukire kuti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Njira yabwino yosonkhanitsira mawu ndi yakale ndithu, ndipo ifuna kudekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana awerenge mabuku athunthu, kuti akumane ndi mawu ali pa ntchito yawo, monga mlenje adziwa nyama poiona m'tchire koposa poona chikopa chake. Afufuze mizu ya mawu, pakuti Chingerezi chidabwereka zambiri ku Chilatini, ku Chigriki, ndi ku Chifalansa chimene chidalowa ndi Anormani mu 1066. Ndipo wodziwa kuti muzu umene uli m'mawu akuti telefoni ndi televizhoni m'Chigriki utanthauza kutali, wapeza kiyi wotsegulira zitseko zingapo. Kubwereka kumeneku si manyazi, poti ifenso kalata ndi nsapato tidatenga kwa Apwitikizi, buku ndi sukulu kwa Angerezi, ndipo lero ndi zathu. Asaope kufunsa aphunzitsi ake, pakuti safunsa adadya phula. Koma koposa zonse, pa mawu aliwonse atsopano alembe pambali tanthauzo lake m'Chichewa kapena m'Chishona, ndipo akasowa liwu limodzi lofanana nawo, awafotokoze ndi mwambi kapena ndi fanizo, kufikira agogo ake atagwedeza mutu kuvomera.

Tisanamizidwe kuti chilankhulo chathu n'choperewera pa zinthu zozama. Buku Lopatulika, limene William Murray ndi anzake Achimalawi adalimasulira nalitulutsa mu 1922, lidanyamula Yobu, Yesaya ndi kalata ya kwa Aroma m'mawu athu omwewa. Mpingo umene Mbusa T.C.B. Vlok adadzautumikira ku Salisbury mu 1912, umene lero ndi Sinodi ya Harare ya CCAP, walalikira ndi kuimba m'Chichewa kwa zaka zoposa 100. Ndipo malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 adaika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka za dziko lino. Chinenero chimene chidakwana kunena za chisomo ndi chiweruzo sichingalephere kunena za kupirira.

Inu makolo ndi aphunzitsi a ku Selous, ku Chegutu ndi ku Kadoma, guliranitu ana mabuku, ndipo musaleke kuwafunsa funso la mayi uja wa pa khonde. Ndipo iwe mwana wanga wa sukulu, sonkhanitsa mawu a Chingerezi ndi khama lonse, khumi lero, khumi mawa, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Koma usawawerengere kuti ndi ako kufikira utatha kuwamasulira kwa agogo ako, kunena nawo zoona, ndi kuthandiza nawo mnzako wosowa womulankhulira.