Kodi Wogonja Ndiye Wamantha?

Pali funso limene lavuta mafumu kuyambira kalekale: mtundu waung'ono ukayang'anizana ndi mtundu wouposa mphamvu, mfumu yabwino ichite chiyani? Imenye nkhondo kuti dzina lake lisanyozeke, kapena igonje kuti anthu ake asathe? Anyamata afulumira kuyankha kuti wogonja ndiye wamantha. Koma mbiri ya dziko la Mzimba, pamodzi ndi ya dziko lakutali la Finland, ionetsa kuti mlanduwu suli wapafupi chotero.

Pofika azungu a boma la Britain m'maiko ano, mafumu atatu a Angoni anakumana nalo funsoli. Gomani wa ku Ntcheu anakana kuwagwadira, ndipo anaphedwa m'chaka cha 1896. Kwa Mpezeni anyamata anatsata Nsingo, mwana wa mfumu, nathira nkhondo m'chaka cha 1898. Koma nthungo ndi zishango sizinathe kulimbana ndi mfuti zazikulu. Midzi inapsa, Nsingo anaomberedwa, ndipo ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa. Angoni a kwa M'mbelwa anamva zonsezi. M'chaka cha 1904 Inkosi Chimtunga ndi makosi anzake anakumana ndi Sir Alfred Sharpe ku Ekwendeni, navomera kulowa pansi pa boma popanda kukhetsa mwazi. Anataya ufulu wodzilamulira okha, nayamba kukhoma msonkho, koma ng'ombe zinatsala m'makola ndipo ufumu sunazime. Wokhala ku Manyamula, ku Embangweni kapena ku Edingeni akali kudya zipatso za tsiku limenelo.

Dziko la Finland lili kumpoto kwa Ulaya, ndipo lichita malire ndi Russia pa mtunda woposa makilomita 1,300. Linapata ufulu wake m'chaka cha 1917. Pa 30 November 1939 asilikali a Soviet Union analiukira, pakuti linakana kupereka mbali ya dziko imene Stalin anafuna. Anthu a Finland sanali kufika mamiliyoni 4, pamene adani ao anali ngati mamiliyoni 170. Komabe, motsogozedwa ndi Mannerheim, analimbika masiku 105 m'nkhalango ndi m'chisanu choopsa. Mphamvu zitayamba kutha, anapangana mtendere ku Moscow mu March 1940, nataya mzinda wa Viipuri ndi gawo lalikulu la Karelia. Anthu oposa 400,000 anasiya nyumba ndi minda yao.

Chilonda chimenechi chinawalowetsa m'nkhondo yachiwiri m'chaka cha 1941, atagwirizana ndi Germany wa Hitler kuti alandenso zao. Apa mpamene pali banga pa mbiri yao, pakuti walira mvula walira matope: wofuna chithandizo cha munthu woipa asenzako mbiri yake. Mu September 1944 anagonjanso. Anataya Petsamo, anakakamizidwa kuthamangitsa asilikali a Germany ndi nkhondo, nalamulidwa kulipira katundu wa madola 300 miliyoni, ngongole imene anaitsiriza m'chaka cha 1952. Pambuyo pake anakhala zaka zambiri akusamala pakamwa kuti asaputenso mnansi wao. Ena anawaseka, koma Estonia, Latvia ndi Lithuania anamezedwa m'chaka cha 1940, pamene Helsinki sanalandidwe konse, ndipo nyumba yao ya malamulo sinatsekedwe.

Tsono pali zinthu zitatu zofunika kuzilingalira. Choyamba, mtendere wa munthu wotha kumenya usiyana ndi mtendere wa kapolo. Stalin anamvera Finland pa bwalo chifukwa anali atalawa mkono wake. Sharpe nayenso anabwera kudzakamba ndi makosi chifukwa mbiri ya nthungo zao inali yodziwika. Wopanda mphamvu konse sapangana naye, angomuuza chochita.

Chachiwiri, kugonja kwabwino kuli ndi malire. Chimtunga yemweyo anakana m'chaka cha 1915 kupereka anthu ake kuti akakhale amtengatenga pa nkhondo ya azungu, ndipo anamchotsa pa mpando nampititsa kummwera kwa dziko. Anavomera kutaya ulemu wake, koma sanavomere kutaya anthu. Finland nayenso, poona Russia akuukira Ukraine m'chaka cha 2022, anasiya njira yake yakale nalowa m'bungwe la NATO m'chaka cha 2023. Wogonja mwanzeru adziwa chimene sangapereke.

Chachitatu nchowawa kuchimva. Wofooka lero anali wamphamvu dzulo. Cha m'ma 1880 Atumbuka otsata Baza Dokowe anaukira Angoni, nathawira pa phiri la Hora, kumene ambiri anaphedwa. Wotamanda Finland chifukwa chokana goli sangathe kunyoza Baza. Ndipo wodandaula za Nsingo ayenera kukumbukira iwo amene anagwa pa Hora. Chilungamo sichisintha poona kuti wogwira nthungo ndi mbale wako.

Nanga wolimba mtima ndani? Gomani ndi Nsingo ayenera ulemu, pakuti mtundu wopanda anthu otere ukhala ngati nkhuku pamaso pa kabawi. Koma msilikali apereka moyo wake wokha, pamene mfumu isunga miyoyo ya akazi, ana ndi nkhalamba zimene sizinafunsidwe. Chifukwa chake mfumu siyesedwa ndi ukali wake pa tsiku la nkhondo ai, koma ndi chimene chatsala m'manja mwa adzukulu: dziko, chinenero ndi mwambo. Akale anati nkhondo simanga mudzi, ndipo sananame. Komanso mudzi wosadziwa kudziteteza sukhalitsa. Kumeza mkwiyo anthu ako omwe akukutcha wamantha kufuna mtima woposa wa iye amene athamangira mfuti, malinga ngati wagonjera kupulumutsa anthu, osati mpando wako.