Mseu Udzapyola pa Nyumba ya Yani?

Anthu akamanga nyumba zao mothithikana popanda wowayesera malo, tsiku limafika lakuti mseu ulambulidwe pakati pao, ndipo nyumba zina ziyenera kugwa. Pamenepo pamabuka mlandu wobvuta: kodi woyenera kuloza nyumba zakugwazo ndani? Kodi ndi munthu wophunzira amene adziwa mapu, kapena eni mudzi amene adziwana maina?

Mlandu umenewu unaoneka poyera mu Lusaka. Dziko la Zambia litalandira ufulu m'caka ca 1964, anthu ambirimbiri anacoka kumidzi nadza kudzafuna nchito. Nyumba za Kanselo sizinawakwanire, motero anadzimangira okha m'makomboni monga George, Chawama, Chaisa ndi Chipata, m'mene munalibe miseu kapena mipope ya madzi. Poyamba akulu a Boma anaganiza kuti mankhwala a makomboni ndiwo kuwagwetsa. Koma m'caka ca 1974 panakhazikidwa lamulo lolola kuti komboni ikonzedwe pomwe iri, ndi kuti mwini nyumba alandire cikalata cokhalira pamalopo zaka 30. Banki ya Dziko Lonse inakongoza ndalama za nchitoyo.

Cacilendo cinali cakuti akatswiri sanalembe miseu okha m'maofesi. Atsogoleri a m'makomboni anayenda nao pansi, nakambirana ndi eni nyumba, nasankha mopita mseu. Amene nyumba zao zinagwa anapatsidwa malo ena m'mphepete mwa komboni yomweyo kuti asatalikane ndi anansi ao.

Alipo ena amene amati njira imeneyi iri ndi cinyengo, ndipo mau ao sali opanda nzeru. Iwo amati mtsogoleri ali ndi abale ndi abwenzi, cotero angathe kukhotetsa mseu kuti ulambalale sitolo ya mlamu wace, ukagwere pa kanyumba ka mkazi wamasiye. Amatinso pa msonkhano amamveka ndi eni nyumba, pamene wokhala m'nyumba ya lendi amangokhala cete. Katswiri wocokera kutali, popeza alibe mbale m'kombonimo, saona nkhope.

Komatu kusaona nkhope kwa mlendo kumacokera pa kusadziwa. Iye sadziwa njira imene amai amadzera popita ku msika, kapena imene maliro amadzera popita kumanda. Akaloza nyumba, madzulo amabwerera kwao, osadzaonanso misozi ya mwini wace. Koma mnansi amene waloza nyumba ya mnzace adzakomana naye mawa pa citsime, mkuja pa maliro. Manyazi amenewo ndiwo mlonda wa cilungamo, malinga zonse zicitike masana pamaso pa anthu, ndipo wa lendi ndi wamasiye apatsidwe mpata wolankhula. Ndiponso munthu amapirira msanga cinthu cowawa cimene anafunsidwapo kusiyana ndi cimene cangomgwera. Nzeru za katswiri zifunikabe, pakuti ndiye adziwa kotsetserekera madzi ndi kukula kwa mipope. Koma iye akhale ngati mmisiri woitanidwa, amene amacenjeza mwini nyumba osamlanda nyumbayo.

Tsono mlanduwu uli ndi mbali yina imene anthu sakonda kuimva. Amene afuna mphamvu yosankha ayenera kusenzanso katundu wosunga cimene wasankhaco. Mu Lusaka anthu anayenera kulipira ndalama pang'ono mwezi uli wonse kaamba ka madzi ndi ngongole, koma ambiri sanalipire. Ena anadandaula kuti Kanselo sinacite zonse zimene inalonjeza, monga kucotsa zinyalala. Kanselo nayo inati iribe ndalama cifukwa anthu salipira. Ali mkati molozana zala, mipope inaonongeka ndipo miseu inakumbika. Anthu anacurukabe, ambiri nabwerera ku zitsime zosazama zokumbidwa pafupi ndi zimbudzi. Pamene kolera inabuka mu Lusaka m'caka ca 2017, inayambira m'makomboni a Chipata ndi Kanyama.

Cifukwa cace yankho la mlanduwu liri pawiri. Eni mudzi ndiwo ayenera kuloza mopita mseu, popeza ndiwo adzamva kuwawa kwace ndi kukoma kwace. Koma atauloza, ali ndi mangawa kwa uja amene nyumba yace inagwa kuti onse apeze podzera. Mangawa amenewo sabwezedwa ndi cikondwerero ca tsiku lotsegulira mseu ai. Amabwezedwa pofukula ngalande mvula isanagwe, popereka msonkho wa madzi, ndi pokakamiza Kanselo kukwaniritsa mau ace. Mudzi umene ulekerera mseu wace kuonongeka wagwetsa nyumba ya mnansi wao pacabe.