Kodi Mwambo Ungasungidwe Mumpanda?

Kutali, kumpoto kwa Ulaya, kuli dziko lotchedwa Sweden. Mu mzinda wake waukulu wa Stockholm muli chisumbu cha Djurgården, ndipo pa phiri la pachisumbupo pali mudzi wodabwitsa, dzina lake Skansen. Nyumba zake ndi zakale, pafupifupi 150, koma zambiri sizinayambire pamenepo. Anthu anaziphwasula kumidzi yakutali, nanyamula mitengo yake, nadzazimanganso monga momwe zinalili. Munthu wofuna kuona mudziwo amalipira ndalama pachipata.

Mlendo akalowa, amapeza amisiri ali pa ntchito. Wina akuumba mbiya ndi mbale zadothi. Wina akuuzira galasi losungunuka ndi mpope wachitsulo, mpaka litasanduka botolo. Ena akuphika buledi, ena akusindikiza mapepala ndi makina akale. Onsewa amavala monga ankavalira makolo awo. Kumapeto kwa mwezi wa Juni, pamene dzuwa limalowa mochedwa kwambiri, anthu amaimika mtengo wautali wokutidwa ndi masamba ndi maluwa, navina mouzungulira. Nyengo ya Khirisimasi ikafika, pamakhala msika umene unayamba mu 1903.

Amene anayambitsa mudziwu ndi mphunzitsi wina, Artur Hazelius. Mu 1872 iye anayenda m'chigawo cha Dalarna, naona kuti moyo wa kumidzi ukusintha msanga. Sitima zapamtunda zinali kufalikira, katundu wa m'mafakitale anali kulowa m'nyumba, ndipo anthu ambiri anali kusamukira m'mizinda ndi ku America. Tsono anayamba kusonkhanitsa zovala, ziwiya ndi zipangizo za alimi, nazionetsa kwa anthu mu 1873. Koma anaona kuti chiwiya chongokhala pathebulo sichinena zambiri. Chifukwa chake mu 1891 anatsegula Skansen, kuti anthu aone nyumba yeniyeni, moto ukuyaka, ndi munthu akugwira ntchito m'katimo.

Apa ndi pamene pagona funso lofunika kuliganizira. Kodi mwambo umene wazingidwa ndi mpanda, umene anthu amauona atalipira ndalama, ukadali wamoyo? Kapena uli ngati chikopa cha nyalugwe chopachikidwa pakhoma, chimene mawanga ake alipo koma mwini wake anafa kale?

Ena amati zoterezi ndi sewero chabe. Woumba mbiya wa kumudzi ankaumba chifukwa banja lake linalibe chotungira madzi. Woumba wa ku Skansen amaumba kuti alendo aone, ndipo madzulo amavula zovala zakalezo, nabwerera kunyumba ya magetsi. Gule wovinidwa pa ola lolembedwa pachikwangwani amasiyana ndi gule wobuka m'mitima ya anthu amene akolola bwino. Mawu amenewa ali ndi choonadi, ndipo si bwino kuwanyoza.

Komatu pali mbali ina. Pa phiri lomwelo pali tchalitchi chamatabwa cha ku Seglora, chimene chinamangidwa cha m'ma 1730. Eni ake atamanga tchalitchi chatsopano chamiyala, chakalecho chinatsala pang'ono kugwetsedwa. Mu 1916 chinasamutsidwira ku Skansen, ndipo mpaka lero anthu amamangitsiramo maukwati. Pakadapanda mpanda uja, bwenzi matabwa ake atatha kalekale. Chimodzimodzinso luso la manja. Nyumba ikagwa, ina ingamangidwe poona chithunzi. Koma mmisiri womaliza akamwalira osaphunzitsa munthu, luso lake limalowa naye m'manda.

Mlimi aliyense amadziwa yankho la funsoli, ngakhale sanafikeko ku Sweden. Pokolola, iye amasankha ngala zabwino za chimanga, nazipachika pa utsi kuti anankafumbwe asazidye. Chimanga chimenecho sichidyedwa, ndiponso sichikula; chimangodikira. Palibe amene amamuseka mlimiyo, pakuti onse amadziwa kuti mvula ikagwa adzachibzala. Koma akachisiya pamenepo zaka ndi zaka, namangoitana anzake kuti adzaone kukongola kwake, ndiye kuti wasunga chabe. Mudzi wa zakale uli ngati mbewu yopachikidwayo. Si munda ayi, ndipo usadzitche munda. Phindu lake limaoneka pamene mwana waima pafupi ndi mmisiri, nafunsa, nagwira dothi ndi manja ake, nabwerera kwawo ali ndi chilakolako chophunzira. Akulu anati m'mera mpoyamba.

Palinso udindo wina umene osunga zakale ayenera kuusenza, ndiwo kunena zoona. N'kosavuta kuonetsa zovala zokongola ndi magule, n'kubisa misozi ya masiku amenewo. Dziko la Sweden linaona njala yoopsa kuyambira 1867 mpaka 1869. Kunalinso antchito a m'minda ya anthu olemera, amene malipiro awo ambiri anali chakudya ndi malo ogona, ndipo akazi awo ankakakamizidwa kukama ng'ombe za mwini munda. Mchitidwe umenewu unatha mu 1945. Ku Skansen kuli nyumba ya antchito oterewa, yopanikiza ndi yosauka, ndipo mlendo amalowamo monga amalowera m'nyumba za olemera. Ichi ndi chinthu chanzeru. Munthu amene waona zokoma zokhazokha za kale amayamba kudana ndi masiku ake; koma amene waona zokoma ndi zowawa zomwe amadziwa chimene ayenera kusunga ndi chimene ayenera kusiya.

Nkhani imeneyi si ya Azungu okha. Zimene Hazelius anaona ku Dalarna zikuonekanso m'midzi ya kuno. Ndowa yapulasitiki yalowa m'malo mwa mtsuko, ndipo sefuliya yalowa m'malo mwa mphika. Palibe cholakwa kuti mayi asankhe chotengera chopepuka chimene sichisweka msanga. Cholakwa ndi chakuti agogo odziwa kusankha dothi, kuluka lichero, kapena kusema mpini wa khasu, amakhala pakhonde tsiku lonse popanda mdzukulu wowafunsa. Zinthu zingathe kugulidwa ndi kusungidwa m'nyumba ya boma. Nzeru ya m'manja ilibe kwina kokhala koma m'manja mwa munthu wina.

Motero mudzi wa zakale ndi wabwino, koma suchotsa udindo pa munthu aliyense. Mpanda ungathe kuteteza nyumba, koma sungathe kubala mmisiri. Iye amene wayenda m'malo otere, nasangalala, najambula zithunzi, nabwerera kwawo osasintha kanthu, wangoona mbewu ili pa utsi. Koma iye amene pofika kwawo ayala mphasa pafupi ndi nkhalamba ya m'mudzi mwake, naitana ana kuti akhale pomwepo, ameneyo watsitsa mbewuyo, ndipo wayamba kubzala.