Amene Akulera Mwana Alipidwe

Mawu a Mulungu: Eksodo 2:1-10

Nkhani ya Mose ali khanda timaikonda chifukwa cha kabokosi ka gumbwa kamene kanaikidwa pakati pa mabango m'mbali mwa mtsinje wa Nailo. Lero tiyeni tiyang'anitsitse vesi 9. Mwana wamkazi wa Farao atapeza khandalo, sanalitengere kunyumba yachifumu tsiku lomwelo. Analipereka kwa mayi wachihebri kuti akaliyamwitse, ndipo analonjeza kumulipira. Mayiyo anali mayi ake a Mose enieni. Akanamulera ngakhale popanda kalikonse, koma Mulungu anakonza kuti chuma cha boma la Aigupto, boma lomwe linalamula kuti ana aamuna a Ahebri aponyedwe mumtsinje, chilipire ntchito yolera mwana.

Ife kuno ku Mchinji tili nawo amayi otere. Pitani ku Mkanda, ku Kapiri, kwa Kamwendo kapena ku Waliranji m'mawa wa tsiku la ntchito. Mudzapeza tiana ta zaka 3 mpaka 5 titakhala pamphasa, pena pansi pa mtengo, pena m'tchalitchi mwathu momwemuno, tikuimba ndi kuwerenga timiyala. Patsogolo pawo pali mlezi. Wasiya munda wake wa mtedza usanapaliridwe. Amapukuta mamina a mwana wa mnzake, amadziwa amene wabwera osadya, ndipo kawirikawiri ndiye amayamba kuona kuti mwana uyu samva bwino kapena kuti uyo akumenyedwa kunyumba. Mwezi ukatha alezi ambiri salandira kanthu. Timati ndi ongodzipereka, ndipo tikatero timaona ngati nkhani yatha.

Ndisanamizire boma kuti langokhala. Dziko lino lili ndi ndondomeko ya maphunziro a mmera mpoyamba kuyambira 2003, ndipo inakonzedwanso mu 2017. Zaka zapitazi boma linayamba kupereka kangachepe kwa ena mwa alezi ophunzitsidwa. Tisaiwalenso kuti Mtukula Pakhomo, amene lero wafika m'maboma onse, anayambira kuno kwathu ku Mchinji mu 2006, kuthandiza mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, monga agogo olera ana amasiye. Pa zimenezi tiyamike Mulungu. Koma olandira kangachepe kaja ndi ochepa poyerekeza ndi onse amene akugwira ntchitoyi, ndipo ndalamayo siyifanana ndi thukuta lawo. Mphunzitsi wa Sitandade 1 amalandira malipiro, ndipo n'zoyenera. Nanga amene anamuphunzitsa mwanayo kugwira pensulo, kudikira nthawi yake yolankhula ndi kusamba m'manja asanadye, ntchito yake ndi yochepa motani?

Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5 m'Malawi muno, 37 anali opinimbira. Zimenezi zikuchitikanso m'boma lino limene soya ndi mtedza zimatuluka pa malole kupita ku Lilongwe, zina n'kuwoloka malire a Mwami. Timagulitsa zonse mu Meyi ndi Juni mavenda akafika ndi masikelo awo, kenako mu Januwale mphika wa phala kusukulu ya mkombaphala umakhala chovundikira. Phala likasowa ana amasiya kubwera, ndipo mlezi naye amapita kukagwira ganyu. Apa sindikuloza boma chala. Ndikulankhula ndi inu abambo amene mumasunga kiyi wa chipinda cha matumba.

M'nkhani ya Mose muli munthu wina amene timamudumpha msanga: mlongo wake. Iye anaima chapatali kuti aone chimene chichitikire mwanayo. Mwana wa mfumu atatsegula kabokosi, mtsikanayu sanathawe. Anayandikira, kapolo wamng'ono pamaso pa mwana wa Farao, n'kunena kuti angathe kukaitana mayi woyamwitsa. Popanda kulimba mtima kwake, chifundo cha mwana wa mfumu chikanathera pa kumvera chisoni khanda lolira. Malo a mpingo ndi amenewo. Tili ndi akulu a mpingo amene amakhala m'makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC. Ena mwa inu mumadya mbale imodzi ndi khansala, ena phungu wa Nyumba ya Malamulo amakudziwani ndi dzina. Pokambirana za mlatho ndi mjigo, kodi munatchulapo denga la sukulu ya tiana, chimbudzi chake, kapena maphunziro a alezi? Ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ili pa Boma pomwepa. Kupita kukafunsa kuti alezi a m'mudzi mwanu alembedwa liti si kuchita ndale ayi.

Taonaninso kuti mwana wa Farao sanachotse Mose pa bere la mayi ake. Thandizo linapita kunyumba kumene mwanayo anali. Chotero inu makolo, sukulu ya mkombaphala isakhale kotayirako ana kuti mupite kumsika. Mlezi amakhala ndi mwana maola ochepa chabe, inu mumakhala naye tsiku lonse lotsalalo ndi usiku womwe. Lankhulani naye, muuzeni nthano, mutengereni kusikelo. Ntchito imeneyi ndi ya abambonso.

Tsono ndikupempha izi. Tikakolola, banja lililonse lipatule ndowa imodzi ya chimanga ndi mbale ya soya kapena mtedza lisanaitane venda. Amayi a Chigwirizano asunge ndi kulemba m'buku, kuti phala lifike mpaka Malichi. Achinyamata akalime munda wa mlezi tsiku limodzi pa mwezi nthawi ya dzinja. Ndipo akulu a mpingo, pa msonkhano wotsatira, mudzatiuze mayina a sukulu za tiana zimene zili m'dera la mpingo uno ndi chiwerengero cha alezi amene sakulandira kanthu, kuti kalata yathu yopita kwa Bwanamkubwa ikakhale ndi mayina enieni. Tiyeni tipemphere.