Nyumba Timamangira Yani?

M'mwezi wa June chaka chatha ndidakacheza kwa amalume anga kufupi ndi Luwawa, kumwera kwa boma la Mzimba. Amene adafikako m'nyengo yachisanu akudziwa chimene ndikunena. Malowo ali pamwamba pa mapiri a Viphya, ndipo dzuwa likangolowa, mwera umalowa mpaka m'mafupa.

Amalumewo agwira ntchito ku Joni zaka zoposa khumi, monga amachitira amuna ambiri a ku Mzimba. Thukuta lawo lonse lidathera pa nyumba ya zipinda zisanu ndi ziwiri, ya njerwa zootcha ndi malata onyezimira. Usiku woyamba adandigoneka m'menemo, koma tulo sindidatione. Nyumbayo ilibe siling'i, pakuti ndalama zidatha atangokhoma denga, ndipo mbandakucha madzi adayamba kudontha kumalata ngakhale kunja kudalibe mvula. Usiku wachiwiri ndidathawira kwa agogo, m'kanyumba ka zidina kofolera ndi udzu. Ndidagona ngati khanda, bulangete limodzi lokha.

Palibe zamatsenga apa. Lata ndi lopyapyala: masana limatentha, usiku limataya kutentha konseko msanga, ndipo mpweya wa anthu ogona ukalikhudza umasanduka madontho. Khoma lochindikala la dothi limamwa dzuwa pang'onopang'ono masana n'kumalibweza usiku. Udzu umasunga mpweya pakati pake monga limachitira bulangete. Ndipo chipinda chikachepa, moto wochepa umachikwanira. Agogo sadaphunzire zimenezi m'kalasi, koma adazimanga.

Tsono funso langa ndi ili: ngati kanyumba kakang'ono kafunditsa, yaikulu n'kukongwetsa mwini wake, yaikuluyo timamangira yani? Ine ndiganiza kuti timamangira maso a odutsa m'njira. Nyumba ya amalume ndi kalata yolembera mudzi wonse, yonena kuti ku Joni sadapite kukasewera. Koma kalatayo ili ndi mtengo wake. Uvuni wa njerwa zake udadya mitengo yachilengedwe imene idakula zaka zambiri; n'chifukwa chake m'chaka cha 2018 boma lidaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma ndi zamalonda. Chisanu chilichonse azakhali amasenza mitolo ya nkhuni kuti afunditse chipinda chochezera chimene sichifunda. Ndipo mwini nyumba amagonamo mwezi umodzi pachaka, miyezi inayo ali m'kachipinda ka lendi ku Johannesburg. Akulu adati mapanga awiri avumbwitsa.

Mtima wofuna chachikulu suli mwa amalume okha. Nkhalango ya paini imene yazinga Luwawa idadzalidwa mwamphamvu kuyambira 1964, mpaka idafika mahekitala pafupifupi 53,000, kuti idzadyetse fakitale ya mapepala ku Chintheche. Fakitaleyo sidamangidwe. Chodabwitsa n'chakuti munthu wokhala pakhomo pa nkhalango yotereyi akugona m'nyumba yopanda ndi thabwa limodzi lomwe la siling'i.

Komabe, anzanga, ndisafulumire kuweruza. Nkwapafupi kwa ife ogona m'zipinda za magetsi pano pasukulu kuyamikira denga la udzu. Udzu umagwira moto, umasunga makoswe, umafuna kufoleranso kawirikawiri, ndipo amene amakaumweta ndi amayi. Timakonda kutchula Henry David Thoreau, amene m'chaka cha 1845 adadzimangira kanyumba ka mapazi 10 m'lifupi ndi 15 m'litali m'mbali mwa dziwe la Walden ku America. Tisaiwale kuti iye adachita kusankha, adali yekha, ndipo patatha zaka ziwiri adachokamo. Kuchepa kosankha ndi nzeru. Kuchepa kochita kukugwera ndi umphawi. Kuuza wosauka kuti akondwere ndi kanyumba kodontha ndi chipongwe.

Pali chotsutsa china chimene chimandivuta koposa. Kwathu kuno nyumba si ya mwamuna, mkazi ndi ana okha. Kukagwa maliro kumabwera khamu. Mwana wa mlongo wako akasiyidwa, kwawo ndi kwa iwe. Kodi womanga kanyumba kakang'ono sakutseka chitseko mwaulemu? Ndidaganizira zimenezi ndili pa khonde la agogo, ndipo yankho lidali pamaso panga. Makolo sadaike moyo wonse pansi pa denga limodzi. Adali ndi nyumba yogona, kakhitchini, gowelo la anyamata, kuka ya atsikana, nkhokwe, ndiponso bwalo. Banja likakula ankawonjeza kanyumba kena. Likachepa, kanyumbako kankabwerera kudothi. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Si nzeru kumangira mame zipinda zitatu zokhala chaka chonse ndi akangaude.

Motero sindikunena kuti tibwerere kumbuyo. Ndikunena kuti ndalama za zipinda zisanu ndi ziwiri zosatha zingamange zipinda zitatu zotha. Maziko akhale a miyala kuti chinyontho ndi chiswe zisakwere. Makoma akhale a njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zopanikiza ndi makina, zosafuna uvuni. Malata akhalepo, inde, koma pansi pake pakhale siling'i ya matabwa a paini. Denga lituluke kunja ndithu kuti mvula isamenye khoma. Popeza tili kumwera kwa Equator, dzuwa la June limadzera chakumpoto; zenera lalikulu liyang'ane kumeneko, ndipo kochokera mwera kukhale laling'ono. Kukhitchini kukhale chitetezo mbaula ndi potulukira utsi, pakuti makala oyaka m'chipinda chotseka amapha munthu ali m'tulo.

Nyumba yabwino, m'kuona kwanga, ndi imene ilola mwini wake kukhalamo: yosam'bweza ku Joni kukaisakira ndalama, yosatuma mkazi wake kunkhalango tsiku ndi tsiku.

Tsiku lotsazika, amalume adandionetsa pamene afuna kuwonjeza chipinda chachisanu ndi chitatu. Ndidati, "Amalume, bwanji muyambe mwaika siling'i m'chipinda chimene mumagona?" Adaseka, nati, "Mphwanga, siling'i adzaiona ndani?" Ndidasowa choyankha, chifukwa nanenso pa pepala limene ndidajambulapo nyumba yanga yam'tsogolo pali zipinda zisanu ndi chimodzi.