Miyendo ya Davide ndi Thumba Lace

Werengani 1 Samueli 17:32-50.

Nkhani ya Davide ndi Goliati idziwika ngakhale kwa ana ang'ono a sukulu ya Sabata. Ambiri akumbukira mwala umene unagwetsa Mfilisti uja, koma aiwala zinthu ziwiri zooneka zacabe zimene Mulungu anagwira nazo nchito tsiku lomwelo m'cigwa ca Ela. Coyamba ndico thupi la mnyamatayo, lozolowera kuyenda ndi kuthamanga pambuyo pa nkhosa. Caciwiri ndico thumba lace la kubusa, m'mene anasungamo miyala isanu imene anatola kumtsinje. Cipulumutso cinacokera kwa Yehova, monga Davide mwini anabvomereza pamaso pa makamu onse awiri. Koma Yehova anacipereka mwa miyendo yolimba ndi thumba lokonzeka. Pakuyamba caka catsopano nkoyenera kuti Mkristu ali yense wa ku Katete, Sinda ndi Vubwi alingalire za zinthu ziwirizi m'moyo wace.

I. Thupi lozolowera

Mfumu Sauli inambveka Davide zobvala zace zankhondo. Mnyamatayo anayesa kuyenda nazo, nalephera, nazibvula, pakuti sanazizolowere. Cimene anacizolowera ndico coponyera miyala ndi ndodo. Zaka za kubusa zinamphunzitsa kulondola mkango ndi cimbalangondo zikagwira nkhosa, ndipo pofika tsiku la nkhondo anatha kuthamangira mdani wace. Mphamvu imeneyo inakula pang'ono pang'ono kuthengo, pamene panalibe womuona kapena womtama.

Makolo a dziko lino anali anthu a miyendo. Amuna anayenda pansi masabata ambiri, naoloka Zambezi, kukafuna nchito ku Harare ndi ku migodi ya kumwera. Misyoni itakhazikika ku Madzimoyo m'caka ca 1903 ndi ku Nyanje m'caka ca 1905, aphunzitsi ndi alaliki anayendera masukulu a m'midzi ndi mapazi ao. Amai anasinja mumtondo, natunga madzi kutali. Munali mabvuto m'moyo umenewo, ndipo nkoyenera kuyamika Mulungu cifukwa ca cigayo, mjigo ndi galimoto za pa mseu waukuru wa ku Chipata ndi Lusaka. Koma walira mvula walira matope. Lero mnyamata wa zaka 25 akwera njinga yamoto pa ulendo umene agogo ace anauyesa wa pakhomo. Mphunzitsi, kalaliki wa pa boma ndi mwini sitolo akhala pampando kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka.

Zipatso zace zioneka ku cipatala. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa mwazi, amene kale anthu anawayesa a olemera a m'mizinda, afika ndi m'midzi momwe. Kuthamanga kwa mwazi kuopsa koposa cifukwa kawiri kawiri sikupweteka. Munthu ayenda nako zaka zambiri osadziwa, kufikira tsiku limene agwa, nafa ziwalo mbali imodzi, kapena lilime lace lilemera. Pamenepo abale ayamba kulozana zala ndi kunenana za ufiti, ndipo mudzi ugawanika cifukwa ca nthenda imene sing'anga wa ku St Francis, cipatala ca ku Katete cimene cinayamba m'caka ca 1948, kapena wa ku Nyanje akadaiona msanga mwa kupima mkono.

Mlimi adzati, Khasu langa landikwanira. Ndipo anena zoona kuyambira Novembala kufikira nthawi yokolola. Wolima cimanga, nshawa ndi thonje safuna wina womuuza kuti atuluke thukuta. Koma cilimwe ciri ndi miyezi yace. Nkhokwe itadzala, amuna ambiri akhala pansi pa mtengo kuyambira Julayi kufikira Okotobala, nsolo patsogolo, cipanda ca mowa pambali, pamene akazi ao asenza nkhuni ndi madzi monga kale. Mvula yoyamba ikagwa, msana umene unagona miyezi inai ukana khasu.

Bungwe loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, World Health Organization, linalangiza m'caka ca 2020 kuti munthu wamkuru agwiritse thupi lace nchito yofulumizitsa mtima mphindi zosacepera 150 pa sabata, ndi kuti ana acite cotero mphindi 60 tsiku liri lonse. Kwa wamkuru ndiko kunena theka la ora masiku asanu. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kulumpha. Kuyenda mofulumira, kupalasa njinga, kuthirira kudimba, kuumba njerwa, mpira wa anyamata ndi wa atsikana, zonsezi ziwerengedwa.

Wonena kuti alibe nthawi ayang'ane tsiku lace moona mtima. Nthawi ya zimenezi iyenera kupatulidwa monga copereka, cimene munthu aika padera asanayambe kudya zotsala. Mwini sitolo adzuke mbandakuca, nayende asanatsegule citseko. Mphunzitsi asiye njinga yamoto masiku ena. Mwamuna alandire cigubu ca madzi m'manja mwa mkazi wace. Adzalimbitsa msana wace, napumitsa wa mnzace. Mkulu wa mpingo amene ali ndi odwala ndi okalamba m'dera lace awayendere ndi miyendo, ndipo ulendo umodzi udzatumikira thupi ndi mzimu pamodzi. Okalamba nawo ayende monga mwa mphamvu zao; koma wakumva kupweteka pacifuwa kapena kubanika poyenda apite msanga ku cipatala.

Ena ayesa kuti kusamalira thupi ndi nchito ya anthu a dziko lapansi. Paulo polembera Timoteo (1 Timoteo 4:8) anaika kupembedza pamwamba, cifukwa phindu lace lifikira moyo ulinkudza. Koma anabvomereza kuti kulimbitsa thupi kuli nalo phindu lace. Paulo yemweyo, anzace atakwera ngalawa ku Trowa, anasankha kuyenda pamtunda kufikira ku Aso (Macitidwe 20:13). Ndipo anakumbutsa Akorinto kuti thupi la wokhulupirira ndilo mokhalamo Mzimu Woyera. Mpingo umene uleka denga la nyumba yopemphereramo lidonthe ucita manyazi. Momwemonso Mkristu amene aononga thupi lace ndi ulesi aononga nyumba ya Mwini wace.

II. Thumba lokonzeka

Goliati atayandikira, Davide anapisa dzanja m'thumba, ndipo dzanjalo linapeza mwala pomwepo. Mukadakhala zingwe zakale, makoko ndi nyenyeswa za mkate pamwamba pa miyalayo, mkondo wa Mfilisti ukadafika iye alikufunafuna. Anasankha miyala poyamba, naiika pamalo pace, ndipo sanasenze cina colemetsa.

Nyumba iri yonse iri ndi matumba ace, ndipo tsiku la nkhondo lifika losayembekezeka. Mwana atentha thupi pakati pa usiku, njinga iri pakhomo, koma khadi la kusikelo silioneka. Amai akhuthula cikwama conse pamphasa, atate akalipa, ndipo ora lipita. Mai woyembekezera auzidwa ndi anamwino kuti akonzeretu zitenje zoyera, zobvala za khanda, khadi lace ndi ndalama za ulendo mwezi wace usanakwane. Wakumvera apita mwamtendere. Wozengereza ayamba kubwereka kwa anansi zowawa zitayamba kale. Anamwali asanu opusa a pa Mateyu 25 anali nazo nyali monga anzao. Cimene cinawatsekera kunja ndi mafuta amene sanakonzeretu.

Bambo ayenda ulendo wonse wa ku boma la Katete, nafika pazenera la ofesi, napeza kuti citupa cace catsala m'thumba la malaya ena. Tsiku latha, ndalama za galimoto zapita. Wina akumwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, koma awataya pansi pa cola pamodzi ndi fodya ndi misomali, nadumpha masiku. Mwana wa sukulu asenza mabuku onyowa ndi mango oola, ndipo colembera cimsowa pa tsiku la mayeso. Cikwama cingakhale cokongola kunja, koma cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere.

Mankhwala ace sagulidwa. Madzulo a Loweruka, pokonzekera tsiku la Ambuye, banja likhuthule matumba ace onse. Zoola ndi zosafunika zitayidwe. Cobwereka cibwezedwe kwa mwini wace. Zitupa, makadi a ku cipatala ndi makalata a sukulu akulungidwe m'pulasitiki cifukwa ca mvula ndi ciswe, nakhale pamalo amodzi odziwika kwa mwamuna ndi mkazi yemwe. Mankhwala akhale m'kathumba kace, kutali ndi manja a ana. Buku Lopatulika, buku la nyimbo ndi copereka zilowe m'cola usiku womwewo. Mwana amene aona amace acita cotero sabata ndi sabata adzacita comweco m'nyumba yace.

III. Zosayenera kupezeka m'thumba

Malembo achula matumba ena atatu ocenjeza. Pa Deuteronomo 25:13 Mose analetsa kusunga m'thumba miyeso iwiri yosiyana. Wogula nshawa ndi soya kwa alimi ndi sikelo yonama, kapena ndi cigoba cina pogula ndi cina pogulitsa, asenza themberero limeneli, angakhale aimba m'kwaya. Mneneri Hagai anafanizira malipiro a anthu oiwala nyumba ya Mulungu ndi ndalama zoikidwa m'thumba lobooka. Thumba lotere alidziwa mkazi amene mwamuna wace anagulitsa thonje mu Julayi, nafika mu Januwale wopanda ndalama ya feteleza kapena ya yunifomu ya mwana, zonse zitathera kumowa ndi kunjuga. Lacitatu ndilo la Yudase, amene anasunga thumba la ophunzira, namabamo (Yohane 12:6). Msungicuma wa mpingo kapena wa cigwirizano ca amai asasanganize ndalama za Ambuye ndi zace. Alembe zonse m'buku, ndipo awerenge pamaso pa mboni.

Munthu wokhuthula cikwama cace Loweruka akhuthulenso mtima wace. M'menemo mukhoza kukhala mangawa a caka catha, mau oipa amene sanapepesedwe, ndi nsanje yosungidwa mosamala koposa citupa. Katundu wotere alemetsa mwendo koposa zobvala za Sauli.

IV. Tsiku loonekera pamaso pa Mfumu

Caka ndi caka, Loweruka lotsiriza la Ogasiti, mafumu a Acewa ocokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba. Boma la atsamunda linauletsa m'caka ca 1934, ndipo unayambanso m'caka ca 1984. Mafumuwo abwera kwa Kalonga Gawa Undi ndi mitulo yao, nafotokoza za anthu ndi dziko limene anawasungitsa. Palibe mfumu yanzeru imene iyamba kufuna mtulo wace m'mawa mwa tsikulo. Ikonzeratu miyezi isanakwane, pakuti idziwa kuti dzikolo iyang'anira m'malo mwa wamkuru.

Ngati anthu acita cotero kwa mfumu ya pansi pano, koposa kotani nanga kwa Mfumu ya mafumu? Thupi, nthawi ndi za m'thumba ndizo zosungitsidwa, ndipo Mwini adzafunsa za izo. Tsiku la Kulamba lidziwika pa kalendala, koma tsiku la Ambuye silinalembedwe m'buku liri lonse la masiku. Palibe munthu adzapulumuka cifukwa ca miyendo yolimba kapena cikwama colongosoka. Apulumutsa ndi Yesu Kristu, Mwana wa Davide, amene anagonjetsa imfa m'malo mwa anthu ace. Koma iye amene anaomboledwa ndi mtengo wotere afuna kuti Mbuye wace akamtuma kwa wodwala, kwa wamasiye kapena ku mudzi wakutali, ampeze wokhoza kunyamuka. Cifukwa cace wowerenga ali yense atsegule kalendala ya caka cino, nalembe ora lace loyenda ndi madzulo ace okonza thumba, napemphe Mulungu amthandize kuzisunga kufikira Disembala. Amen.